Mita yawo imawerenga bwino, koma bilu sinena kumene ndalama zimapita

Ndakhala kasitomala wa kampaniyi, yomwe imandigulitsa magetsi ndi gasi, kuyambira kumapeto kwa chaka cha 2021, ndipo ndikuipatsa nyenyezi ziwiri mwa zisanu. Nyenyezi ziwirizo ndikuzipereka chifukwa cha mita yatsopano yomwe imatumiza yokha mayuniti amene ndagwiritsa ntchito, kachipangizo ka m'nyumba kosonyeza mmene magetsi akuthera, ndiponso ulemu wa anthu amene amayankha foni. Magetsi sanavutepo m'zaka zonsezi, koma pamenepa sindingawayamikire kwambiri popeza mawaya ndi mapaipi amasamalidwa ndi kampani ina.

Kachipangizo kaja kanandiphunzitsa zambiri m'mwezi woyamba. Ndinkakalipira ana chifukwa chosiya mababu akuyaka ndi matchaja a foni ali pakhoma, osadziwa kuti zimene zimadyadi magetsi ndi giza, ketulo, ayironi ndi uvuni, kutanthauza chilichonse chimene ntchito yake ndi kutenthetsa. Titadziwa zimenezi tinasintha kachitidwe kathu, moti pofika chaka chotsatira tinali titachepetsa mayuniti athu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Chimene chinandipweteka n'chakuti khama lonselo silinaoneke pa bilu. Mgwirizano wanga wa mtengo wosasintha unatha kumapeto kwa 2022, ndipo mtengo watsopano wa yuniti imodzi unaposa kuwirikiza kawiri wakale. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, choncho ndinkadziwa kuti mitengo ya mphamvu imasinthasintha, koma sindinayembekezere kuti ndalama yokhazikika ya tsiku ndi tsiku, imene munthu amalipira kaya wayatsa kanthu kaya sanayatse, nayonso ikwera. Nthawi ina tinachoka pakhomo kwa milungu itatu, titazimitsa zonse kupatula firiji, koma tinabwerera n'kupeza kuti ndalama yokhazikikayo ndi imene yatenga gawo lalikulu la bilu ya masikuwo. Pa ndalama imeneyi malangizo awo onse a kasungidwe ka magetsi sathandiza ngakhale pang'ono, ndipo kuwatsatira kuli ngati kutungira madzi m'dengu.

Kalata iliyonse yolengeza kukwera kwa mtengo inkatchula nkhondo ya ku Ukraine, ndipo sindikunena kuti ankanama. Dziko la Russia litalowa m'dziko la Ukraine pa 24 February 2022, gasi amene ankachokera ku Russia kupita ku Ulaya kudzera m'mapaipi anachepa kwambiri, moti mu Ogasiti chaka chomwecho mtengo wake pa TTF, msika waukulu wa gasi wa ku Netherlands, unapitirira mayuro 300 pa megawati-awa imodzi (muyeso wa mphamvu umene amagulitsira gasi), pamene zaka za m'mbuyomo unkakhala cha m'ma 20. Koma makalatawo ankangothera pomwepo, osanena kuti ndalama zowonjezera zimene tonse tinkalipira zinali ndi kumene zinkafikira. M'chaka cha 2022, pakati pa makampani okumba mafuta ndi gasi, kampani ya Shell inapeza phindu la madola 39.9 biliyoni, lomwe linali lalikulu kuposa la chaka china chilichonse m'mbiri yake, BP inapeza 27.7 biliyoni, ExxonMobil 55.7 biliyoni, ndipo Saudi Aramco inafika pa 161 biliyoni. Ntchito yokumba gasi ndi mafuta sinadule kuwirikiza kakhumi m'chaka chimenecho. Chimene chinakwera ndi mtengo wogulitsira, ndipo kusiyana kwa ziwirizi ndi kumene kunasanduka phindu. Mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, António Guterres, anadzudzula zimenezi mu Ogasiti 2022 kuti ndi dyera, ndipo anapempha maboma kuti adule msonkho pa phindu lopitirira muyesolo.

Ndinaimba foni kuti ndifunse funso limodzi lokha. Phukusi limene ndinasankha linkalengezedwa kuti ndi la magetsi ochokera ku mphepo ndi dzuwa, ndiye n'chifukwa chiyani mtengo wake unkatsatira gasi? Mayi amene anandiyankha anali wodekha ndipo sanandifulumizitse, koma yankho lake linali lochita kuwerenga papepala. Ndinadzamvetsa ndekha pambuyo pake kuti m'misika yambiri ya magetsi, mtengo wa ola lililonse umakhazikitsidwa ndi siteshoni yodula kwambiri imene ikufunika kuti magetsi akwanire pa olalo, ndipo kawirikawiri siteshoni imeneyo imakhala yoyendera gasi. Choncho mwini makina a mphepo amene sanamange mtengo wake pa mgwirizano wa nthawi yaitali amalandira mtengo wa gasi ngakhale mphepoyo sanaigule. Zimenezi zikanatheka kuzifotokoza m'ndime imodzi kuseri kwa bilu, pamalo pomwe amaikapo chithunzi cha banja likumwetulira.

Mayiwo anandiuzanso kuti makampani ogulitsa magetsi kwa anthu m'nyumba sapeza phindu lalikulu, chifukwa nawonso amachita kugula pa msika. Mfundoyi ili ndi choonadi, pakuti ku Britain makampani otere pafupifupi 30 anagwa pakati pa 2021 ndi 2022 atalephera kugula gasi pa mtengo wokwera n'kumagulitsa pa mtengo umene malamulo ankalola. Koma nditawerenga lipoti la pachaka la gulu limene kampani yangayi ili pansi pake, ndinapeza kuti gulu lomwelo lili ndi nthambi yopanga magetsi komanso ina yogula ndi kugulitsa pa msika waukulu, ndipo nthambi zimenezo zinachita bwino kwambiri, eni masheya n'kulandira gawo lawo lowonjezera. Dzanja limene limandipatsa bilu likhoza kudandaula kuti lilibe kanthu, koma thumba ndi limodzi. Maboma ena anaona zomwezi: Britain inakhazikitsa msonkho wapadera wa 25 peresenti pa phindu la makampani okumba mafuta ndi gasi mu Meyi 2022, n'kuukweza kufika pa 35 peresenti mu Januwale 2023, ndipo mayiko a European Union anagwirizana za msonkho wosachepera 33 peresenti pa phindu lowonjezera.

Nkhani ya kutsika kwa mtengo ndi imene yandichotsera chikhulupiriro chonse. Pofika pakati pa 2023 gasi pa msika wa TTF anali atatsika kufika cha m'ma mayuro 30, koma bilu yanga inatsika mochedwa ndiponso pang'ono, ndipo mpaka lero sinabwerere pamene inali. Iwo amati amagula gasi miyezi yambiri pasadakhale, choncho kutsika kumatenga nthawi kuti kufike kwa kasitomala. Ndikanavomereza mosavuta akanandisonyeza pa bilu kuti pa ndalama zimene ndalipira, zingati zapita ku kugula mphamvu, zingati ku mawaya ndi mapaipi, zingati ku msonkho, ndipo zingati zatsala kwa iwo. Ndapempha zimenezi kawiri kudzera m'kalata, ndipo kawiri konse anditumizira malangizo oti ndizichapa zovala ndi madzi ozizira.

Pomaliza pali ndalama imene amadula okha ku akaunti yanga ya ku banki mwezi uliwonse. Anaikweza popanda kundifunsa, mpaka ndinapezeka kuti ndawalipiriratu ndalama zokwana miyezi itatu, ngakhale mita yawo yomwe inkasonyeza kuti ndikugwiritsa ntchito mayuniti ochepa. Kuti andibwezere ndalama zanga zomwe, ndinaimba foni katatu ndipo ndinadikira milungu isanu ndi umodzi, pamene ine nditachedwa kulipira ndi masiku anayi kalata yochenjeza inafika sabata yomweyo. Mgwirizano umene ndili nawo panopa uli ndi chindapusa kwa amene wachoka nthawi isanakwane, choncho ndikudikira kuti uthe, ndipo tsiku lake ndalilemba kale pa kalendala.