Ku Zanzibar mugone kuti, Stone Town, Nungwi kapena Paje?

Ambiri kwathu kuno akamakamba zopita ku Zanzibar amaona ngati ukangotsika sitima ndiye kuti gombe lili pompo, msika uli pompo, zonse zili pamodzi. Sizili choncho ayi. Chilumba cha Unguja, chomwe timangochitchula kuti Zanzibar, kutalika kwake ndi makilomita opitirira 80, nde komwe mwasankha kugona ndi komwe kudzalamule zomwe muone, zomwe mugule komanso ndalama zomwe zithere pa thiransipoti. Malo omwe anthu amakanganirana ndi atatu, Stone Town kutauni, Nungwi ndi Kendwa kumpoto, Paje ndi Jambiani kum'mawa. Ine mbali yanga ndinena poyera, munthu wochokera dziko lomwe lili kale ndi Nkopola, Cape Maclear ndi Chintheche asamapite kutali konseko kukangogona pa mchenga basi, ayambe kaye ndi tauni.

Ngati mwadzera pa Songwe mpaka Dar es Salaam, sitima zothamanga za Azam zimatenga pafupifupi maola awiri ndipo zimakocheza ku Stone Town komweko, nde olo simukufuna tauniyo mudutsamo basi. Amalawi sitifunika visa ku Tanzania koma pasipoti ikhale pafupi chifukwa padoko la Zanzibar amaionanso, ndiponso kuyambira Okutobala 2024 boma lakumeneko linakhazikitsa inshuwalansi yokakamiza kwa alendo akunja, inayamba pa madola 44 munthu wamkulu, muiike mu bajeti musananyamuke, makamaka poti dola kwathu kuno sikupezeka mwachisawawa.

Stone Town ndi ya anthu okonda kuyenda wapansi ndi kugula. Tinjira take ndi topanikizika moti galimoto silowa, mumangopatukirana ndi njinga zamoto ndi ana akusukulu, uku ndi uku zitseko zamatabwa zosemedwa bwino zokhala ndi misomali ikuluikulu yamkuwa, ndipo UNESCO inaika tauniyi pa mndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2000. Pafupi ndi nyanja pali Old Fort yomwe anamanga Aluya aku Oman, pambali pake House of Wonders ya Sultan Barghash ya 1883 yomwe mbali ina inagwa mu Disembala 2020, ndipo okonda nyimbo amakajambulitsa panyumba yokumbukira Freddie Mercury poti anabadwira mtauni yomweyi mu 1946. Zonsezi mumaziona tsiku limodzi osakwera chilichonse.

Koma malo omwe ndimauza aliyense kuti asaphonye ndi tchalitchi cha Anglican ku Mkunazini. Chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo womwe unatsekedwa mu 1873, ndipo ntchito yomanga inayamba chaka chomwecho motsogozedwa ndi Edward Steere. Pansi pa nyumba ina pambali pake pali tizipinda tamdima, denga lake lotsika moti munthu wamkulu suimirira bwino, timawindo tating'ono kwambiri, ndipo panja pali dzenje momwe muli ziboliboli za anthu omangidwa unyolo m'khosi. Mukaima pamenepo mukumbukire kuti ena mwa anthu omwe ankagulitsidwa pamsikawu ankachokera kwathu, ankaoloka nyanja kuchokera ku Nkhotakota kwa Jumbe, kuyenda wapansi mpaka Kilwa kenako kukwezedwa m'ngalawa. Mkati mwa tchalitchi muli mtanda waung'ono wopangidwa ndi mtengo womwe pansi pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone kwa Chitambo ku Zambia, ndipo mishoni ya UMCA yomwe inamanga pano ndi yomweyo inamanganso St Peter's ku Likoma. Mzungu amaona mbiri, ife timaona abale athu, nde pamenepa lipirani wokuperekezani ndipo musathamange.

Kumbali yogula, Stone Town ilibe mnzake pachilumba chonse. Pali misika iwiri yosiyana mtima. Darajani ndi komwe eni dera amagula, mbali ya nsomba ndi nyama fungo lake ndi lamphamvu zedi koma mukadutsa pamenepo mupeza karafuu (ma cloves), sinamoni, tsabola wakuda, vanila, zokometsera pilau zosakaniza kale, tende (zipatso za kanjedza), ndipo kuseri kwake kuli mashopu a kanga ndi zitenje. Gizenga Street ndi Kenyatta Road ndi za alendo, zosemasema, zithunzi zojambula pamanja, nsapato zamikanda, zikwama, ndipo mtengo woyamba omwe akutchulireni si weniweni, nenererani mwaulemu ndipo ngati simukugwirizana thokozani muzipita, shopu yotsatira ili ndi zomwezo. Amayi a geni amene mumaoda ku Kariakoo, katundu wa bizinesi muodere konko ku Dar, kuno gulani zokometsera ndi mphatso basi. Dzuwa likalowa pitani ku Forodhani Gardens, matebulo amayalidwa ndi nyali, pali Zanzibar pizza, supu ya urojo, kanyenya wapatimitengo, madzi a nzimbe ofinyira limodzi ndi jinja ndi ndimu mukuona, koma funsani mtengo musanaloze chakudya ndipo nsomba sankhani yomwe akuotcha pamaso panu, osati yomwe yakhalitsa patebulo.

Vuto la tauni ndi loti gombe losambira labwino palibe, madzi apafupi ndi doko ndi a maboti, kumatentha, ndipo anyamata okuitanirani maulendo amakutsatirani mpaka kutopa. Komabe maulendo ambiri amayambira pomwepo. Prison Island ndi mphindi 30 zokha pa boti ndipo kuli afulu akuluakulu omwe makolo awo anachokera ku Seychelles mu 1919, Nakupenda ndi mchenga womwe umatuluka pakati pa nyanja madzi akaphwa, minda ya zokometsera ku Kizimbani ndi Kidichi ili pafupi, ndipo ulendo wa ngalawa wotchedwa Safari Blue umanyamukira ku Fumba komwe kuchokera mtauni sikutali.

Tsopano za magombe, apa pali chinthu chimodzi chomwe ife ozolowera nyanja ya Malawi sitichiganizira nkomwe. Kwathu madzi omwe wawasiya m'mawa uwapeza pompo madzulo. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku, ndipo kusiyana kwenikweni kwa Nungwi ndi Paje kwagona pamenepo, osati pa zithunzi za pa Instagram zomwe zonse zimaoneka zofanana.

Ku Nungwi, makamaka Kendwa yomwe ili pafupi pake, gombe limatsetsereka msanga nde madzi sathawira kutali, mutha kusambira nthawi iliyonse. Kuchokera mtauni ndi makilomita pafupifupi 60, ola limodzi ndi theka pagalimoto. Dzuwa limalowera m'nyanja mukuliona, ngalawa zamatanga zimatenga anthu madzulo, ndipo mukayenda kupita kumudzi mupeza amisiri akukhoma ngalawa ndi manja pansi pa mitengo, sompho, chingwe ndi misomali basi, ntchito yomwe asodzi athu aku Nkhata Bay angaimirire kuionera tsiku lonse. Ku Mnarani pafupi ndi nsanja younikira sitima kuli dziwe losungiramo akamba am'nyanja omwe akodwa m'maukonde. Zosambira ndi magalasi oonera pansi pamadzi ku kachilumba ka Mnemba ndi zapafupi kuchokera kumpoto kuno, ndipo olo munaonapo mbuna ku Thumbi, makorali ndi nsomba zam'nyanja yamchere ndi dziko linanso. Koma anthu ndi ambiri heve, mahotela athithikana, nyimbo usiku, ogulitsa pagombe sakupatsani mpata, ndipo chakudya ndi zinthu zam'mashopu zimadula kuposa mtauni. Achinyamata okonda zisangalalo ndi mabanja omwe ali ndi ana ofuna kusambira tsiku lonse, kwanu ndi kumeneku.

Paje ndi ina. Ili makilomita pafupifupi 50 kuchokera mtauni, mchenga wake ndi woyera komanso wosalala kwambiri, gombe lalitali moti mutha kuyenda mpaka Jambiani, koma madzi akaphwa amapita kutali zedi, mumangoona mzere woyera wa mafunde uko kumapeto, nde amene wabwera ndi mtima wosambira masana onse akhumudwa. Chomwe ndimakondera Paje ndi nthawi yomweyo madzi aphwayo. Amayi amalowa atavala kanga kukasamalira ndere zam'nyanja zomwe amalima, timitengo tozikidwa m'mizere, zingwe zomangidwa pakati, ndere zikulendewera, ngati dimba koma lam'madzi, kenako amasenza matumba kukayanika kumtunda ndipo zina amapangira sopo yemwe mutha kugula konko, ndalama n'kulowa m'manja mwa eni ake. Musawajambule osapempha chonde. Ndipo mukamayenda m'madzi osayawo valani nsapato, muli tizilombo taminga takuda tomwe tikakubayani ulendo wonse wasokonekera.

Mphepo ndi yomwe inatchukitsa Paje, kuyambira Juni mpaka Seputembala komanso Disembala mpaka Febuluwale kumwamba kumadzaza makaiti a anthu ochita kitesurfing ndipo masukulu ophunzitsa alipo ambiri, ngakhale kuti si zotchipa. Nkhalango ya Jozani ili panjira yomweyo yochokera mtauni, ndi komwe kuli anyani ofiira a colobus omwe kwawo ndi ku Zanzibar kokha, amakhala pafupi ndi njira moti simuvutika kuwasaka, ndipo pali kamlatho kamatabwa kodutsa m'mitengo yomera m'madzi amchere. Kuza Cave ku Jambiani ndi phanga lamadzi oyera osambiramo, The Rock ku Michamvi ndi lesitilanti yapamwamba pa thanthwe yomwe madzi akadzaza mumafikako pa boti. Ku Kizimkazi amatengerako anthu kukaona ma dolphin, koma ngati woyendetsa boti akuzithamangitsa ndi kuzizinga ndi maboti anzake muuzeni asiye, zimenezo ine sindigwirizana nazo olo pang'ono. Zogula ku Paje ndi zochepa, timashopu tamumsewu basi, nde mphatso musadikire kukagula kumeneko.

Nde mukandifunsa kuti pakati pa magombe awiriwa ndisankhe liti, ngati nthawi ndi yochepa ndipo mukufuna madzi, Kendwa. Ngati mukufuna bata, malo ogona otsikirako mtengo ndi kuona momwe anthu akumudzi amakhalira, Jambiani kuposanso Paje yeniyeniyo. Chomwe sindingakulangizeni ndi kugona ku Nungwi kenako tsiku lililonse kumakwera takisi kupita ku Jozani, mawa kutauni, mkuja ku Fumba, ndalama zonse zithera mumsewu, ndipo kuchoka Nungwi kupita Paje ndi ulendo wa maola awiri kapena kuposa.

Nyengo muiganizirenso, Malichi mpaka Meyi ndi mvula yamphamvu, mitengo ya mahotela imatsika koma maulendo apaboti amatha kulephereka. Febuluwale kumakhala chikondwerero cha Sauti za Busara ku Stone Town, nyimbo za mu Africa muno, nthawi imeneyo malo ogona mtauni amadzaza msanga. Anthu ambiri pachilumbachi ndi Asilamu, nde zovala zosambira zithere pagombe, mtauni ndi m'midzi phimbani mapewa ndi mawondo, chitenje chimodzi m'chikwama chimathetsa nkhani yonse, ndipo m'mwezi wa Ramadan musamadye poyera mumsewu masana.

Pa mayendedwe, ma daladala (maminibasi akumeneko) opita kumpoto ndi kum'mawa alipo ndipo ndi otchipa kwambiri mukalipira ndi ma shilingi, kungoti amadzaza, amaima paliponse ndipo ndi masutikesi akuluakulu muvutika, takisi ndi yabwino mukakhala anthu anayi n'kugawana, koma mtengo mugwirizane musanakwere. Usiku womaliza bwererani mukagone ku Stone Town, zokometsera mugule m'mawa ku Darajani zikadali zatsopano, tikiti ya sitima mudule dzulo lake pa ofesi yeniyeni ya kampani padoko osati kwa anyamata apanja, chifukwa basi ya ku Dar yopita ku Mbeya ndi kuboda siidikira munthu.