Yamaha SR400 yosinthidwa maonekedwe: ndemanga yanga nditaiyendetsa chaka ndi theka

Anthu amandiimitsa pa Katoto, ena pa depoti, kufunsa kuti njinga yamotoyi ndinagula zingati. Ndikatchula mtengo amangogwira pakamwa. Nchifukwa chake ndaganiza zolemba zonse, kuti amene akufuna kuitanitsa yake adziwiretu zimene zili kutsogolo. Ndi Yamaha SR400 yogwirapo kale ntchito, imene galaja ina ya ku Japan inaisintha chishalo, mahandulo, thanki, madigadi ndi ekizozi. Ndinalipira mu Okutobala 2023, inafika kuno ku Mzuzu mu Febuluwale 2024. Injini ndikuipatsa nyenyezi zisanu zonse. Zosinthazo ziwiri basi.

Mtengo umene mumauona pa intaneti ndi poyambira chabe. Pamwamba pake pali ya sitima mpaka pa doko la Dar es Salaam, yolipira padokopo, ya ejenti wa ku Tanzania, ndi ya lole yodutsa Iringa, Tukuyu mpaka Kasumulu. Mukaoloka mlatho wa Songwe ndiye kumayamba msonkho wakwathu. A MRA sawerengera pa mtengo wa njinga wokha. Amaphatikiza mtengowo, inshuwalansi ndi ndalama yonyamulira, nkuwerengera msonkho wolowetsera katundu pa chiwerengero chonsecho. Kenako VAT, imene nthawiyo inali 16.5 peresenti, imagwera pa zonse pamodzi ndi msonkho woyamba uja. Oitanitsa magalimoto amakumananso ndi msonkho wina wotchedwa excise, umene umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo.

Ine chinandithyola msana ndi kugwa kwa kwacha. Mu Novembala 2023, njinga ili panyanja, kwacha inachepa mphamvu ndi 44 peresenti. Dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Popeza mtengo wa katundu amausintha kukhala makwacha pa nthawi yomuombola, msonkho wanga unakwera ndi pafupifupi theka la umene ndinakonzekera. Ejenti amene ndinamutuma, yemwe sindimutchula dzina, ankadziwa zimenezi kuyambira Novembala koma sanandiuze. Ndinazimvera pa Songwe pomwepo, dzuwa likuswa mtengo, titabisala pamthunzi wa lole ya mafuta. Anandionetsa pepala nkunena kuti, "Achimwene, palibe wakuberani apa, masamu ake ndi omwewa." Ndinawerengera ndekha pa foni kawiri, ndipo analidi omwewo. Njinga inagona pa boda masiku asanu ndi limodzi ndikusakasaka ndalama, tsiku lililonse ya posungira ikukwera. Mayi akunyumba ndi amene anakatenga ngongole ku banki m'khonde kwawo. Nditaphatikiza zonse, ndi zolembetsa ku Road Traffic ndi inshuwalansi yakuno, ndinawononga pafupifupi kawiri mtengo uja wa pa intaneti.

Njingayo payokha ndilibe nayo mlandu. SR400 anayamba kuipanga mu 1978 ndipo kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni mpaka pamene anasiya kuigulitsa ku Japan mu 2021. Injini ndi ya silinda imodzi, 399cc, yozizira ndi mphepo, magiya asanu. Ilibe batani loyatsira, nkutchaya kiki basi. Pali kaliva kochepetsera mphamvu ya mpweya mu silinda, ndi kagalasi pamwamba pa injini koonetsa kuti pisitoni yafika poyenera. Sabata yoyamba ndinavutika, koma dzanja ndi phazi zikazolowerana imalira ndi kiki imodzi, ngakhale m'mawa wa mu Juni nkhungu itakuta Chiputula yense. Pokwera Chiweta sifuna kuinyengerera. Mu giya yachitatu imangokoka mwakachetechete uku malole akulira m'mbuyo. M'makona a msewu wotsikira ku Nkhata Bay ndi momwe ndimaikondera kwambiri, chifukwa ndi yopepuka ndipo imamvera. Mukaithamangitsa kwambiri imanjenjemera mpaka zala kuchita dzanzi. Si njinga ya liwiro, ndipo ine sindinaigulire liwiro.

Vuto lili pa zimene a galaja aja anaikapo. Anaipangira misewu youma, yosalala, osati kuno kumene mvula imagwa mpaka Epulo ndi Meyi. Madigadi anawadula kukhala tating'ono. Tsiku lina ndikupita ku ukwati ku Mchengautuba, mvula itangokata, ndinafika jekete lonse kumsana lili mzere wa matope ofiira kuyambira m'chiuno mpaka m'khosi, ndipo kutsogolo matope anali atamata zipsepse za injini. Ndinachita kubwerera kukasintha. Chishalo chachikopa nchokongola koma nchopyapyala ngati mkeka. Ukafika pa Ekwendeni wayamba kale kusunthasuntha. Mahandulo otsika amakuweramitsa, ndiye dzenje lililonse limathera m'mikono. Ekizozi inali yaphokoso moti agogo oyandikana nafe anabwera okha kudzandipempha mwaulemu kuti, "Mwanawanga, muziikankha kaye mpaka kumsewu musanailize." Ndinachita manyazi, chifukwa ananena zoona.

Apa ndi pamene mtima umandiwawa. Njinga yosinthidwayi inali yodula kwambiri kuposa SR400 wamba ya chaka chomwecho, ndipo ndalama yoonjezerayo inalowa m'mtengo umene anawerengerapo msonkho. Ndiye kuti chishalo, ekizozi ndi madigadi odulawo ndinawagula, ndinawalipirira sitima, msonkho ndi VAT, kenako nkudzawachotsa. Makaniko wanga wa ku Luwinga ndi mnzake wowotcherera anapanga madigadi aatali, anakweza mahandulo, anaika chotsekereza phokoso mu ekizozi. Chishalo anachikonza bambo wina wosoka mipando ya galimoto pafupi ndi msika waukulu, ndi siponji yokhuthala bwino. Ntchito yonseyi sinafike ngakhale pa ndalama imene ndinalipira posungira njinga pa Songwe, ndipo ndi yaukhondo moti amene sadziwa sangaloze pamene anawotcherera. Amene mukufuna njinga yooneka mwanumwanu, itanitsani wamba, muilipirire msonkho wochepa, maonekedwewo adzakupangireni amisiri akuno. Ndipo musanatumize dola ndi imodzi yomwe, ejenti akulembereni masamu onse papepala, musungenso ina yapadera.

Za sipeya ndinene mwachidule. Za njinga za akabaza, ma Lifo ndi ma Boxer, zili mbwee m'tauni muno, koma zambiri sizilowa pa SR400. Pulagi ndi oyilo zimapezeka. Fyuluta ya oyilo, masiproketi ndi zingwe za kilatchi ndimachita kuitanitsa ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg, ndipo nazonso zimadutsa pa msonkho.

Chimene sindinakonzebe ndi thanki. Yeniyeni ya SR400 imalowa malita 12, koma iyi anaikapo yaing'ono yoti izioneka yowonda. Nthawi ya kusowa kwa mafuta kumapeto kwa 2024 ndinkagona pamzere kuti ndithire mafuta osakwana kupita ku Karonga mtima uli m'malo, poti zigubu ankakaniza. Ndapeza thanki yeniyeni kwa munthu wina ku Dar es Salaam, ndipo pano ndikudikira ejenti wina andilembere kaye kuti ikafika pa Songwe idzakhala zingati.