African Storybook: komwe makolo a ku Joni tikupeza timabuku ta Chichewa

Makolo anzanga amene mukulera ana kuno ku Johannesburg ndipo mumadandaula kuti mabuku a Chichewa sapezeka, yesani African Storybook. Kunyumba kwathu tayigwiritsa ntchito kuyambira nyengo yozizira yapitayi, ndipo ine ndikuyipatsa nyenyezi zonse zisanu.

Ndi tsamba la pa intaneti, ndipo lili ndi app ya pafoni yotchedwa African Storybook Reader. Eni ake ndi bungwe la Saide la konkuno ku Johannesburg, ndipo tsambali linatsegulidwa mu 2014. Muli timabuku ta zithunzi m'zilankhulo za mu Africa zoposa 200, Chichewa chili momwemo. Simulipira ngakhale randi imodzi. Nkhanizo zili pa laisensi ya Creative Commons, kutanthauza kuti mukhoza kusindikiza, kugawira anzanu ngakhalenso kumasulira, osaopa kuti mwaba ntchito ya munthu.

Ine ndinamva kwa mayi wina wa kumpingo kwathu ku Rosettenville. Tikaweruka mapemphero timakonda kuima panja n'kumafunsana kuti ana akuwerenga chiyani masiku ano, ndipo mayankho ankangokhala a mabuku a Chingerezi, mwina ndi a Chizulu kapena Chiafrikaans a kusukulu. La Chichewa mpaka utumize uthenga kumudzi, lidzabwere ndi basi yofikira ku Park Station, ndipo kawirikawiri chimene chimafika ndi buku la nyimbo kapena la sukulu lothaitha, osati la nthano loti mwana aliwerenge akusekerera.

Chimene ndakonda kwambiri ndi momwe anazisanjira nkhanizi. Zili m'magawo asanu. Gawo 1 ndi la mawu oyamba, gawo 2 ziganizo zifupizifupi, gawo 3 ndi 4 ndime zomka zitalika, pamene gawo 5 ndi nkhani zoti wamkulu awerengere ana mokweza. Zimenezi zatithandiza makolofe kulangizana bwino. Kale munthu ankangoti "bukuli ndi labwino", koma pano amati "amake mwana, kamtsikana kanu kaja kayambe ndi za gawo 2, iyi ya kumsikayi", ndipo umadziwiratu ngati ikumuyenera wako.

Langizo langa n'lakuti musayang'ane kalasi imene mwana ali. Wanga ali Giredi 3 ndipo Chingerezi amawerenga bwino ndithu, koma Chichewa ankangochimva m'nyumba, anali asanachionepo papepala. Tinayambira pansi penipeni, gawo 1, pomwe tsamba lonse limakhala ndi chithunzi chachikulu ndi mawu ochepa chabe. Ankaloza ndi chala lembo ndi lembo, milomo ikugwedera, kenaka n'kudzidzimuka kuti mawu atulukawo ndi omwe aja amawamva tsiku lililonse pa nthawi ya nsima. Chizulu cha kusukulu chinamuthandiza, poti a, e, i, o, u amamveka chimodzimodzi. Pomwe chinamusokoneza ndi pa "ch", chifukwa m'Chizulu malembo amenewa amatchulidwa moombetsa lilime, ndiye iye ankaliombetsanso powerenga "chakudya". Mukhale naye pafupi masiku oyambawo kuti muzimuwongolera. Mudziwenso kuti mukasankha nkhani za Chinyanja cha ku Zambia mupeza alemba "c" pomwe ife timalemba "ch". Nkhanizo n'zokoma ndipo zimamveka bwinobwino, koma kwa mwana wongoyamba kumene ndi bwino ayambe wazolowera kalembedwe kamodzi.

App ija imalola kutsitsa nkhani n'kumaziwerenga popanda data, ndiye magetsi akathima madzulo, foni ili ndi moto, timawerenga ndithu. Komabe ine ndikuona kuti foni ndi yongosankhira nkhani. Mwana ukamupatsa foni, mtima wake umathamangira ku magemu, ndipo uthenga ukangolowa kuwerenga kwathera pomwepo. Pepala ndiye limamugwira. Patsambali mukhoza kutsitsa PDF yokonzedwa kale kuti isindikizidwe ngati kabuku. Chenjerani posindikizitsa: malo ena kufupi ndi kwathu anandisindikizira mbali imodzi yokha ya pepala, masamba n'kusokonekera, ndalama n'kupita pachabe. Muwauze asindikize mbali zonse ziwiri, inu mukapinde pakati n'kumenya sitepula. Zosindikiza zakuda ndi zoyera zimatchipa, ndipo ana amakonda kuzikongoletsa okha ndi makrayoni, kabukuko n'kukhaladi kawo. Timabuku timeneti ndi tomwe tikubwerekana Lamlungu lililonse, tina tafika pochita kumatidwa ndi selotepi.

Nkhani ya kuwerengayi ndimayitenga mwamphamvu chifukwa kafukufuku wa PIRLS wa 2021, woyesa luso la kuwerenga la ana m'mayiko ambiri, anapeza kuti ana 81 pa 100 alionse a Giredi 4 m'dziko muno satha kumvetsa zomwe akuwerenga. Ana athu akuphunzira m'masukulu omwewo. Kuwasiyira aphunzitsi okha n'kuwalakwira, ndipo mwana akamawerenga m'chilankhulo chimene amayi ake amamulankhulira, amafunsa mafunso, amatsutsa, amakuuza kuti kalulu sanachite bwino apa. Umaoneratu kuti nkhaniyo yalowa.

Kwa ofuna a Chingerezi ndi zilankhulo za kuno, bambo wina pagulu lathu amalimbikira za Book Dash, bungwe lomwe anthu ongodzipereka amapanga kabuku kathunthu m'maola 12, komanso Nal'ibali yolimbikitsa ana kukonda kuwerenga, imene inayamba mu 2012. Zonsezi n'zaulerenso ndipo ana anga azikonda, koma Chichewa ndachipeza pa African Storybook.

Mwana wokonda kuwerenga sachedwa kumaliza za gawo lake, ndiye amayamba kufuna zina. Mwayi ulipo: mukalembetsa patsambali mumatha kutenga nkhani ya Chingerezi kapena Chizulu n'kuyimasulira nokha m'Chichewa, zithunzi zili zomwezo. Ife tagwirizana kuti banja lililonse litenge nkhani imodzi ya gawo 2 kapena 3, ndipo mayi wina amene anali mphunzitsi wa pulayimale ku Dedza asanabwere kuno wavomera kuti aziyamba waona kalembedwe tisanazisindikize. Ngati kumpingo kapena kudera kwanu kuli munthu wotere, mupempheni akuthandizeni chimodzimodzi.