Polystyrene yopsa ndi dzuwa: kupala kapena kuchotsa?

Ku Britain, Germany ndi Poland nyumba zambiri amazimata kunja ndi mabolodi a polystyrene (pulasitiki woyera wopepuka) kuti muzifunda. Ntchito ikaimira panjira, mabolodiwo amakhala osapakidwa. Dzuwa limawasandutsa achikasu, pamwamba pake n'kumayoyoka ngati ufa. Pulasitala wopaka pa ufawo sagwira, amamatuka.

Kupala ndi njira yotchipa, ndipo nthawi zambiri ndi yokwanira, chifukwa dzuwa limangowononga pamwamba. Palani ndi rasp (chopalira chokhakhala) mpaka poyera paoneke, mamilimita 1 mpaka 3, kenako sesani fumbi lonse. Mipata ya pakati pa mabolodi tsekani ndi foam (thovu lopopera limene limauma). Simenti ayi, imalowetsa kuzizira. Onani zomangira zapulasitiki zogwira mabolodi kukhoma, zikhale pafupifupi 6 pa sikweya mita. Pakani basecoat (pulasitala woyamba wapadera wa pamabolodi) ya mamilimita 3 mpaka 5, muike neti ya fibreglass mkati mwake isanaume, zidutswa zikumane mopitirirana masentimita 10. Kukazizira kufika pansi pa madigiri 5, dikirani. Pulasitala wathu wa mchenga ndi simenti pano sayenera: ndi wolemera, amang'ambika m'malumikiziro.

Kuchotsa n'kodula, koma bolodi likamagwedera mukalikankha, kapena madzi alowa kumbuyo kwake, kupala n'kutaya nthawi. Guluu wasiya khoma, ndipo pulasitala watsopano adzagwa nalo limodzi. Mineral wool (mabolodi a ulusi wochokera ku miyala, amene ena amamata m'malo mwa polystyrene) ndiye yovuta kwambiri: ikanyowa kwa nthawi yaitali imafewa, ndipo singapalidwe ngati polystyrene. Yofewayo dulani muike yatsopano, makamaka pansi pa mawindo ndi kumunsi kwa khoma kumene mvula imathovukira.