Njinga ya m'mapiri ya ma shock awiri: zomwe ndaona patatha zaka ziwiri pa phiri la Zomba

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Yachisanuyo inathera m'matope a mwezi wa Febuluwale, ndipo nkhani yake ndifikapo.

Njingayi ndinaigula mu Ogasiti 2023, yogwiritsidwapo kale ntchito, kwa munthu wina wa ku Johannesburg. Msuweni wanga amene amagwira ntchito kumeneko ndiye anakaiona, n'kunditumizira zithunzi pa WhatsApp, ndipo tinamvana pa R19,000. Inabwera pa basi ili m'katoni, kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete mpaka pa Mwanza pomwe ndinailipirira msonkho. Mwayi wanga unali woti ndalama ndinatumiza kutatsala miyezi itatu kuti kwacha igwe ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho. Ndikanazengereza, bwenzi lero ndikulemba za nsapato zothamangira.

Felemu yake ndi ya aluminiyamu, matayala ndi a mainchesi 29, foloko imalowa mamilimita 130 ndipo kumbuyo kumalowa 120. Ma shock onse awiri, zida zomeza mabampu kutsogolo ndi kumbuyo, ndi a mpweya. Pa sikelo ya ogula nandolo inalemera makilogalamu 14 ndi theka, ngakhale sikelo zimenezo mukuzidziwa nokha. Ndisanagule iyi ndinakwera zaka zinayi njinga ya shock yakutsogolo yokha, imene okwera amaitcha hardtail, choncho chofanizira ndili nacho.

Mwezi woyamba ndinakhumudwa, ndisaname. Njinga inkanjanja ngati matiresi a sipuling'i, mapedulo ankagunda miyala, ndipo pokwera chitunda ndinkamva ngati mphamvu zanga zikulowa m'nthaka. Ndinafika pomuimbira msuweni uja kuti wandigulira chikomekome cha mkuyu. Koma vuto silinali la njinga. Mwini wake woyamba anali munthu wopepuka, ine ndimalemera makilogalamu 88, ndipo mpweya wa m'ma shock unali wa thupi lake. Pa shock ya mpweya pamakhala kamphete ka labala. Mumakakankhira mpaka kumapeto, n'kukwera pa njinga mutatsamira khoma, mutavala zonse zimene mumayenda nazo, botolo la madzi lomwe. Kenako mumatsika pang'onopang'ono n'kuyeza pamene kampheteko kafika. Kumbuyo kamayenera kuyenda pafupifupi 30 peresenti ya utali wonse, zomwe pa shock yanga, imene imalowa mamilimita 45 kuti tayala liyende 120 aja, ndi mamilimita 13 kapena 14. Kanga kankapitirira theka. Pampu ya matayala pamenepa siigwira, pamafunika kapampu kakekake kofika 300 psi (muyeso wa mpweya), ndipo ine ndinapopa mpaka 210. Nditatero ndinatembenuzanso kabatani kofiira kamene kamachepetsa liwiro lomwe shock imabwerera, kuti isamandiponye m'mwamba ndikadutsa pa muzu. Ntchito ya mphindi 20 imeneyo inasintha njinga kuposa china chilichonse chomwe ndinagula pambuyo pake, ndipo kapampuko ndi kotsika mtengo kuposa tayala limodzi.

Ulendo wanga wa Loweruka umayambira m'tauni, kukwera msewu wa phula wa ku Ku Chawe, kudutsa pa damu la Mulunguzi, kenako kulowa m'misewu ya fumbi ya m'nkhalango ya paini. Tsiku limene ndili ndi mphamvu ndimafika ku Queen's View ndi ku Emperor's View, pomwe kukayera mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje, kapena ndimazungulira mbali inayo ku Chingwe's Hole komwe mumasuzumira chigwa cha Shire. Misewu imeneyi amaiwononga ndi malole onyamula matabwa. Amasiya ngalande ziwiri zakuya, pakati pake msana wa miyala, ndipo mvula ikabwera imamalizitsa ntchitoyo.

Apa ndiye pamene ndalama zanga zimabwerera. Pa hardtail ija ndinkatsika nditakukuta mano, maso ali pa tayala lakutsogolo, ndikusankha mwala uliwonse woti ndiupewe. Pofika pa damu manja ankachita dzanzi, ndipo Lolemba ndinkapita ku ntchito ndikuyenda ngati nkhalamba yobwera kudimba. Pa iyi tayala lakumbuyo limatsatira nthaka m'malo modumphadumpha, choncho mukagwira buleki njinga imaimadi, siimangoseseleka. Maso amayang'ana patali. Msana wa m'munsi, umene unkandivuta chaka chonse cha 2022, unasiya kudandaula. Chimene sindinayembekezere n'choti ngakhale pokwera, malo a miyala yogumuka pomwe hardtail inkazunguliza tayala pamalo amodzi mpaka ndinkatsika n'kukankha, iyi imagwira n'kupitirira.

Pa phula nkhani ndi ina. Imalemera, ndipo ngakhale nditatseka shock ndi kachitsulo kake ka buluu, mnzanga wa hardtail amandisiya pa makona a msewu wokwera uja n'kukandidikirira pomwe anyamata amagulitsa masitiroberi. Pamsewu womwewo ndimakumana ndi abambo otsika ndi nkhuni pa njinga zopanda shock ngakhale imodzi, katundu atautalikitsa kuposa mutu wawo, ena akuthandizira buleki ndi nsapato pa tayala. Mmodzi anaima tsiku lina, n'kuiyang'ana njinga yanga kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kufunsa kuti, "Achimwene, nanga kaliyala munachotseranji?" Nditamuuza kuti siikhala ndi kaliyala anapukusa mutu mondimvera chisoni. Mtengo wake sindinamuuze.

Tsopano zosintha. Choyamba chinali kuchotsa machubu. Malimu anali okonzeka kale, kunangofunika tepi, mavalavu ndi madzi oyera aja otseka mabowo, otchedwa sealant. Kutsogolo ndinaika tayala la Maxxis Minion DHF la mainchesi 2.5 m'lifupi, kumbuyo Maxxis Rekon yomwe imagudubuzika mopepuka. Popanda chubu ndimayenda ndi mpweya wochepa, 23 psi kutsogolo ndi 27 kumbuyo, ndipo tayala limakumbatira miyala m'malo moikana. Minga imene inkandigwetsa mphwayi kawiri pa mwezi tsopano ndimangoizula, tayala n'kuti psii pang'ono, basi latseka. Chenjezo langa ndi la kutentha kwathu kuno: mu Okutobala madzi aja amauma msanga, miyezi iwiri yokha mumapeza asanduka ulimbo. Gwedezani tayala, mukapanda kumva phokoso la madzi, thirani ena. Chubu chimodzi ndimayendabe nacho m'thumba, chifukwa mwala ukang'amba m'mbali palibe sealant imene ingakupulumutseni.

Chachiwiri ndi dropper, chitsulo cha chishalo chimene chimatsika ndi kukwera mukadina kabatani pa handulo. Poyamba ndinkati ndi zibwana za anthu a ndalama. Ndinalakwa. Pa chitsetso chishalo chikatsika mamilimita 150, thupi limapeza malo, mumakhala m'munsi ndi chakumbuyo, ndipo mantha aja oti muuluka pamwamba pa handulo amachoka. Ndikanakhala ndi ndalama za chinthu chimodzi chokha pambuyo pa matayala, ndikanagula chimenechi. Yezani kaye bowo la felemu musanaitanitse, chifukwa pali la mamilimita 30.9 ndi la 31.6, ndipo kusiyana kwa kachidutswa ka milimita kumeneko kungakutayitseni ndalama ndi mwezi wodikira basi.

Mabuleki ndinasintha chifukwa cha thupi langa ndi kutalika kwa chitsetso. Kuchokera pamwamba pa phiri kukafika m'tauni mumatsika mamita mazanamazana osapuma, ndipo mabuleki ang'onoang'ono amene inabwera nawo, omwe kwa mwini wake wopepuka uja ankakwanira, kwa ine ankatentha mpaka kununkha. Ndinaika Shimano Deore a mapisitoni anayi, ndi chimbale cha mamilimita 203 kutsogolo. Chala chimodzi chimakwana. Apa mverani bwino: mabuleki a Shimano amafuna mafuta otchedwa mineral oil. Makaniko wina wa magalimoto, mwa mtima wabwino ndithu, anatenga botolo la mafuta a mabuleki a galimoto kuti andiwonjezerere. Ndinamugwira dzanja. Mafuta a galimotowo amatupitsa malabala a m'kati, ndipo buleki yonse imakhala yotaya.

Pa magiya m'pamene ndinaonetsa uchitsiru wanga. Inabwera ndi magiya 10 kumbuyo, lalikulu la mano 42, ndipo pa zitunda zina ndinkalakalaka lopepuka. Ndinaitanitsa Deore ya magiya 12, ya mano 10 mpaka 51, osafufuza. Itafika inakana kulowa. Kani ya 12 imeneyo imafuna habu ya mtundu wina wotchedwa Micro Spline, pamene yanga inali yachikale. Ndinayenera kugula habu yatsopano ya mamilimita 148, kupeza masipoko a utali woyenera, n'kulipira munthu womanganso gudumu lonse. Patapita miyezi iwiri mnzanga anandionetsa kuti Deore ya magiya 11, ya mano 11 mpaka 51, imalowa pa habu yakale ija popanda kumanganso gudumu. Giya lokwerera phiri ndi lomwelo, mano 51. Ndinalipira kuwirikiza chifukwa cha dzino limodzi la kumunsi lomwe pa phiri la Zomba sindiligwiritsa ntchito n'komwe. Mayi a kunyumba nkhani imeneyi amaikumbutsa nthawi iliyonse ndikatchula za fetereza kudula. Magiyawo amagwira bwino, zimenezo sindikana, koma fumbi la Seputembala limadya tcheni, ndiye ndinagula kachitsulo koyezera ndipo ikatalika ndi 0.5 peresenti ndimasintha isanawononge mano.

Tibwere ku nyenyezi yosowa ija. Walira mvula walira matope, ndipo wogula njinga ya shock yakumbuyo wagulanso mfundo zonse zimene zimailola kupinda. Yanga ili ndi mabering'i asanu ndi atatu m'felemu mokha. Dzinja loyamba ndinkakwera m'matope ofiira aja mosangalala, pobwera n'kudutsira pamalo otsukira magalimoto kuti anyamata aipopere ndi paipi yamphamvu. Inkatuluka ikuwala. Zomwe sindinkadziwa n'zoti madzi amphamvuwo ankakankha girisi kunja n'kulowetsa mchenga m'kati. Pofika Febuluwale inayamba kulira, kwee kwee pa pedulo iliyonse, ndipo nditagwira tayala lakumbuyo n'kuligwedezera m'mbali ndinamva kuti likusewera.

Ndinapita nayo kwa mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika, amene wakhala akundimangira magudumu kwa zaka zambiri ndipo pa ntchito imeneyo palibe womuposa. Anaizunguza kawiri, n'kunena kuti, "Bambo, iyitu ili ndi mawondo ngati mbuzi." Kenako anatenga hamala ndi chizilo. Ndinapempha mwaulemu kuti adikire kaye. Felemu ya aluminiyamu mukaimenya molakwika pa bowo la bering'i, bowolo limakula, ndipo kulibweza n'kovuta. Tinakhala tonse madzulo awiri, foni ili pa YouTube, tikukoka mabering'i ndi bawuti yaitali, mawashala ndi masoketi. Ubwino wake manambala amalembedwa pa bering'i pomwepo. Anga ena anali 6902, ndipo ndinawapeza m'sitolo ya mabering'i a makina ku Blantyre. Amagwira, koma a m'felemu enieni amakhala odzaza mipira popanda kachitsulo kolekanitsa, chifukwa ntchito yawo si kuzungulira koma kunyamula katundu akugwedezeka pang'ono chabe. A m'sitolo aja anatha chaka chimodzi. Tsopano ndimaitanitsa oyenerawo, ndipo njinga ndimatsuka ndi ndowa, burashi ndi sopo wa mbale.

Ma shock nawo amadya. Kampani yopanga ma shock ya RockShox imati kumunsi kwa foloko kuzitsukidwa ndi kuthiridwa mafuta atsopano pa maola 50 aliwonse okwera, ndipo inzake ya Fox imati ntchito yonse ichitike pa maola 125 kapena kamodzi pa chaka. Munthu wokwera maola asanu pa sabata amafika pa 50 m'masabata khumi okha. Ya foloko ndinaiphunzira ndekha, si yovuta ngati muli ndi mafuta ake, malabala ndi tebulo loyera. Koma kutsegula m'kati mwenimweni mwa shock yakumbuyo kumafuna zida zimene ine ndilibe, choncho ndinaimasula n'kuitumiza ku Johannesburg. Inapita ndi munthu, inabwera ndi munthu wina, ndipo masabata asanu ndi limodzi njinga inali yopachikidwa m'chipinda ngati nyama yosenda, nyengo yabwino ya Juni ndi Julaye ikudutsa. Hardtail ija ndinali nditagulitsa kale. Musagulitse yanu.

Mnyamata wina wa ku ntchito anandifunsa ngati agule yotere yoti azipitira ku ofesi ndi kuzungulira m'misewu ya m'midzi ya ku Domasi. Ndinamuletsa. Pa misewu imeneyo hardtail yokhala ndi matayala abwino imachita zonse, ndi yopepuka, ndipo mkulu wa pansi pa mtengo uja angaikonze ndi hamala yakeyo. Ndinamuletsanso kwambiri zija zotsika mtengo zokhala ndi chisipuling'i chachikulu pakati, zomwe zimaoneka ngati zanga koma zilibe chochepetsa kunjanja. Iye anagulabe ya chisipuling'iyo chifukwa inali yofiira.

Loweruka lapitali ndinatsika kuchokera ku Chagwa, pamwamba pa phiri, mpaka pa damu la Mulunguzi osaika phazi pansi, malo omwe kale ndinkatsika pa njinga katatu. Pofika kunyumba ndinaona kamzere ka mafuta pa mwendo wakumanzere wa foloko. Malabala atsopano ali kale kwa msuweni uja, akudikira munthu wokwera basi ya Lachisanu.