Bokosi lojambula mapulogalamu a pa TV lomwe ndinagulira amayi ku Manchester

Ndalipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Ndi bokosi la Freeview (matchanelo a TV a kuno ku Britain odzera pa eriyo) lokhala ndi hard drive ya 500GB m'kati mwake. Ndinagula lomwe linabwezedwa kusitolo n'kukonzedwanso, ndipo sindinafike pa £150. Amayi aligwiritsa ntchito kuyambira nyengo yozizira yathayi, choncho zomwe ndikunenazi si za tsiku lotsegula katoni.

Amayi anabwera kuno ngati namwino, nthawi ija anamwino ambiri akwathu ankabwera ku Britain. Panopa anapuma, koma masiku ena amakagwirabe usiku kunyumba yosamalira okalamba. Masewero awo a madzulo amayamba iwo ali m'basi, ndipo akabwerako m'mawa amafuna kuwapeza akuwadikira. Za kontirakiti yolipira mwezi ndi mwezi anakaniratu. Penshoni ndi yochepa, komanso kumudzi kuli a fizi akudikira. Ndiye Freeview inali yoyenera: matchanelo amabwera kudzera pa eriyo ya padenga, ukagula bokosi wagula, palibenso bilu ya mwezi. Chotsala ndi layisensi ya TV, yomwe imafunika ngakhale ukungojambula osaonera nthawi yomweyo. Mu Epulo 2025 inakwera kufika £174.50 pachaka. Ena amaganiza kuti kholo likangokwanitsa zaka 75 layisensi ndi yaulere. Zimenezo zinasintha mu Ogasiti 2020. Tsopano yaulere ndi ya amene afika zaka 75 komanso akulandira Pension Credit, thandizo la boma kwa okalamba opeza ndalama zochepa.

Pa intaneti pali timabokosi totchipa kwambiri tojambulira pa flash. Ineyo ndinatidumpha, ndipo aliyense wogulira kholo ndingamuuze chimodzimodzi. Tambiri tili ndi tuner (kachipangizo kolandirira tchanelo) imodzi, kutanthauza kuti kakayamba kujambula tchanelo china, kawirikawiri sungasinthe n'kuonera chinzake. Munthu wamkulu akadina remoti TV n'kukana kusintha, sanena kuti tuner yatanganidwa. Amati chinthuchi chafa, amachizula kukhoma, zojambula zija n'kuthera pomwepo. La amayi lili ndi ma tuner awiri: limajambula matchanelo awiri nthawi imodzi iwo akuonera zomwe anajambula dzulo. Apa ndiye ndalama yowonjezerayo inagwira ntchito.

Za kukula kwa hard drive musavutike nazo mtima. Ogulitsa amakukokerani ku 1TB kapena 2TB, koma 500GB imasunga maola opitirira 200 a zithunzi wamba, ndipo a HD amachepa kufika cha pa theka. Amayi sanafikepo n'komwe pakati, ngakhale kufufuta zomwe aonera kale amakuona ngati kutaya chakudya.

Chomwe chandisangalatsa koposa ndi kujambula ndime zonse za pulogalamu. Umapita pa ndandanda ya mapulogalamu, kusankha sewero, kudina batani lofiira, ndiye bokosi limafunsa ngati ukufuna ndime imeneyo yokha kapena zonse. Ukasankha zonse, basi, limadzikumbukira lokha sabata ndi sabata. Mpira ukachedwetsa sewero, nthawi zambiri limadikira chizindikiro chochokera ku tchanelo kuti pulogalamu yayamba, m'malo mongotsatira wotchi. Ndikuti nthawi zambiri chifukwa zinachitikapo kuti mathero a ndime anaduka, ndipo foni yomwe ndinalandira tsiku limenelo inali ngati ya maliro. Mu zosankha muli poonjezera mphindi zingapo kumapeto kwa chojambula chilichonse. Mukatero mumataya kudikira chizindikiro kuja, ndiye sankhani chomwe chikuyenerana ndi zomwe kholo lanu limaonera. Mawu olembedwa pansi pa chithunzi amajambulidwanso limodzi, zomwe zimathandiza poti Chingerezi cha m'masewero a kumpoto kuno chimathamanga ndipo makutu a amayi ayamba kulemera. Kuimitsa pulogalamu ili m'kati n'kukapitiriza atachoka kukhitchini anakuphunzira tsiku loyamba. Kudumpha zotsatsa malonda sanachite kuphunzitsidwa.

Nyenyezi yachisanu yapita chifukwa cha remoti. Mabatani ndi ang'onoang'ono, othithikana, zolemba zake zotuwa pa pulasitiki yakuda. Wopanga remoti imeneyi sanaganizepo za munthu wa magalasi amene wakhala pa sofa nyali itazimitsidwa. Batani lotsegula zojambulidwa, lomwe ndi lofunika kuposa onse, likufanana ndi anzake ozungulira. Ndinamata kachidutswa ka tepi yoyera pambali pake, ndipo ndinalemba papepala ndi zilembo zikuluzikulu njira zinayi: kuyatsa, kujambula, kuonera, kufufuta. Pepalalo lili pansi pa kansalu ka pa tebulo. Vuto lina ndi la maremoti awiri. Akangodina molakwika pa ya TV, chithunzi chimachoka pa HDMI, polowera chingwe cha bokosi, n'kusiya mdima, ndiye imabwera foni: “Iwe, chinthu chako chija chazimanso.” Ndimati, “Amayi, tengani remoti yaitaliyo, dinani pomwe palembedwa Source.” Zinatha nditaphunzitsa remoti ya bokosi kuyatsa TV ndi kukweza mawu, ina ija n'kuibisa m'dirowa. Musanagule, funsani ngati remoti yake imatha zimenezi. Kabuku ka m'katoni kanangozitchula m'mizere iwiri kumapeto.

Limachedwanso kudzuka. Likakhala pa kasungidwe ka magetsi kochepetsetsa, umadikira kanthawi chithunzi chisanabwere, ndipo munthu wosaleza mtima amadinanso batani n'kulizimitsa. Ndinasintha kuti lizidzuka msanga, ngakhale likudya magetsi ochulukirapo pang'ono. Ndinawapemphanso kuti asamazimitse pa soketi pokagona. Chizolowezi chimenechi ambiri tinakula nacho, koma bokosi lopanda magetsi silijambula kanthu.

Kulumikiza sikunavute: chingwe cha eriyo kulowa m'bokosi, cha HDMI kupita ku TV, kenaka limafufuza lokha matchanelo. Ngati TV ya kholo lanu ndi yakale ya SCART yokha, onetsetsani kaye, chifukwa mabokosi ambiri atsopano alibe polowetsa chingwe chimenecho. Ife kuno timalandira kuchokera ku mlongoti wa Winter Hill, pafupi ndi Bolton, womwe umatumiza matchanelo onse. Madera ena amadalira timilongoti ting'onoting'ono tomwe timapereka ochepa, ndiye lembani postcode ya kholo lanu pa tsamba la Freeview muone zomwe zimafika kumeneko. Eriyo ikakhala yofooka, zojambula zimatuluka zodukaduka, ndipo bokosi lodula bwanji silingakonze zimenezo. Nthawi zina matchanelo amasunthidwa, pamafunika kufufuzanso. Ntchito imeneyo ndimagwira ndine ndikapitako Lamlungu.

Bokosili limalowanso pa intaneti, lili ndi BBC iPlayer, yoonera mapulogalamu a BBC pa intaneti, ndi zinzake. Amayi sazikhudza. Zimafuna akaunti ndi pasiwedi, mapulogalamu ake amachotsedwa pakapita nthawi, komanso za m'menemo sizijambulika. Iwo amakhulupirira chomwe chili m'bokosi mwawo. Funso lawo loyamba linali lakuti, “Nanga Zodiak ilimo?” Mulibe. MBC, Times ndi Zodiak sizili pa Freeview, ndipo nkhani zakumudzi amazitsatabe pa foni kudzera pa Facebook ndi YouTube. Ngati kholo lanu likufuna za kwathu zokhazokha, bokosi ili silikuthandizani.

Pa zogula zokonzedwanso: hard drive ndi chinthu chozungulira, chimatha, ndiye gulani kwa wogulitsa wopereka waranti yolembedwa, osati kwa munthu wongotsatsa pa intaneti. Lamulo la kuno la Consumer Rights Act 2015 limakupatsani masiku 30 obweza katundu wowonongeka n'kulandira ndalama zanu ngati mwagula kwa wamalonda. M'masiku amenewo jambulani zambiri, matchanelo awiri nthawi imodzi, ndipo mvetserani ngati m'kati mukumveka kugogoda. La amayi limangolira pansipansi, pabalaza silisokoneza, koma kuchipinda chogona sindingaliike.