Kumiza mwana m'chiyankhulo chatsopano kapena kumuphunzitsa ndi ziwiri: zomwe ndinaona pa ana anga

Chichotsereni mwana wanga wamkulu pasukulu yake yoyamba, makolo anzanga akhala akundifunsa funso limodzimodzi: ngati mwana kunyumba amayankhula chiyankhulo china, kusukulu china, ndi sukulu yotani yomwe ingamuthandize? Ndayankha mmodzimmodzi mpaka kutopa, ndiye ndilembe pano. Njira zilipo zitatu, ndipo ziwiri ndinaziona ndi maso pa ana anga. Ndiulule poyamba kuti njira yoyambayo ndili nayo chakukhosi.

Njira yoyamba ndi yomiza mwana: kuyambira tsiku loyamba, masamu, sayansi, ngakhale kupempha kupita kuchimbudzi, zonse m'chiyankhulo chatsopano. Yachiwiri imayamba ndi chiyankhulo cha kunyumba zaka ziwiri kapena zitatu, kenako n'kuchisiya. Yachitatu imayendetsa ziyankhulo zonse ziwiri mpaka kumapeto kwa pulaimale, chatsopanocho chikumawonjezeka chaka ndi chaka.

Pa nkhani ya kuyankhula msanga, yomiza ija imapambana, sindikana. Chaka chisanathe, mwana wanga ankacheza ndi anzake pabwalo ngati wobadwira momwemo. Alendo akabwera ndinkamuitana kuti awapatse moni m'chiyankhulo chatsopanocho, mtima uli m'malo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyererezo zinatuluka m'chaka chachinayi. Masamu atasiya kukhala manambala okhaokha n'kukhala timankhani tofunika kuwerenga kaye, mwana uja anayamba kulephera. Kuchotsera ankadziwa bwino, koma samamva chomwe funso likufuna. Ankatha kuwerenga ndime yonse mokweza popanda kuphonya, koma ukamufunsa zomwe wawerenga, duu. Aphunzitsi anandiitana n'kundiuza kuti mwanayu ndi wochedwa kumva. Nditafunsa ngati vuto si chiyankhulo, anati ayi, tamumvani mmene amayankhulira. Zoonadi, thandizo lapadera lomwe ankalandira m'chaka choyamba anali atalichotsa kalekale chifukwa cha kuyankhula kwake komweko.

Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa kuti zimenezi zinafotokozedwa kale. Jim Cummins, katswiri wa za ziyankhulo wa ku Canada, anasiyanitsa mu 1979 chiyankhulo chochezera ndi chiyankhulo chophunzirira. Chochezera mwana amachigwira pafupifupi m'zaka ziwiri, poti nkhope, manja ndi masewero zimamuthandiza kumva. Chophunzirira, cha m'mabuku ndi m'mayeso, chimatenga zaka 5 mpaka 7 kuti afanane ndi anzake obadwa nacho. Mwana wanga anali pakati pa mtsinje, iwo n'kumuchotsera bwato poona kuti akugwedeza manja.

Apa ndi pomwe panabisala mtengo weniweni. Polembetsa palibe anatchula za maphunziro owonjezera, koma mwana atayamba kutsalira, sukulu yomweyo inati alowe kalasi ya masana, yolipira padera, temu iliyonse. Ndinalipira zaka ziwiri. Komabe ndalamazo sizindipweteka ngati malangizo omwe anandipatsa tsiku loyamba, akuti kunyumba tisiye kuyankhula naye chiyankhulo chathu kuti asasokonezeke. Ndinamvera. Ine ndi amayi ake tinkamuyankhula m'chiyankhulo chomwe ifenso tinkachipunthwa, ziganizo zifupizifupi, zolamula zokhazokha: idya, samba, kagone. Nthano zinatha m'nyumba. Mafunso aja ana amafunsa, oti n'chifukwa chiyani mwezi umatitsatira, tinkawadula poti mawu oyankhira tinalibe. Agogo ake akaimba foni, mwana ankangogwira foniyo osadziwa chonena. Chiyankhulo chimodzi anataya, chinacho asanachigwire.

Eni sukulu zotere amakonda kunena kuti kumiza kunayesedwa ku Canada ndipo kunatheka. N'zoona, koma samalizitsa nkhani. Ku St. Lambert, pafupi ndi Montreal, mu 1965 makolo oyankhula Chingerezi anapempha okha kuti ana awo aziphunzira m'Chifalansa. Ana onse m'kalasi anali oyamba kumene, aphunzitsi ankamva Chingerezi kotero mwana amatha kufunsa m'chiyankhulo chake, ndipo patapita zaka zochepa Chingerezicho chinalowa m'kalasi ngati phunziro. Komanso chinali chiyankhulo champhamvu, chosatheka kuzilala. Zimenezo n'zosiyana kutalitali ndi kuika mwana pakati pa anzake odziwa kale, mphunzitsi wosamva liwu limodzi la kwawo, n'kumati asambira yekha. Ngakhale anthu a ku California ku America, omwe mu 1998 anavota kuti ana aziphunzira m'Chingerezi chokha kudzera mu lamulo lotchedwa Proposition 227, anabweza lamulolo mu 2016 povotera lina lotchedwa Proposition 58.

Njira yachiwiri sindinaiyese. Imaposa yoyamba chifukwa mwana amaphunzira kuwerenga m'chiyankhulo chomwe amamva, koma imadula thandizo m'chaka chachitatu kapena chachinayi, nthawi yomweyo imene mabuku amayamba kulimba.

Mng'ono wake ndinamupititsa kusukulu ya ziyankhulo ziwiri. Poyamba ndinkada nkhawa, chifukwa chaka choyamba chinatha akuyankhula chatsopanocho mwapatalipatali, kutsalira kutali poyerekeza ndi mkulu wake pa msinkhu womwewo. Koma ankabwera kunyumba akudziwa zomwe waphunzira, n'kumatifotokozera chifukwa chake mbewu imafuna kuwala, ife n'kumatha kumuthandiza homuweki. Atadziwa kuwerenga m'chiyankhulo chake, sanafunike kuphunziranso kuwerenga kachiwiri. Luso lomwelo linangosamukira kwinako. Izi si zachilendo. Ku Ile-Ife ku Nigeria, kuyambira mu 1970, Babs Fafunwa ndi anzake anaphunzitsa ana zaka 6 zonse za pulaimale m'Chiyoruba, Chingerezi chili phunziro lapadera, ndipo anawo sanatsalire m'Chingerezi, pomwe m'maphunziro ena anachita bwino kuposa anzawo omwe anasintha chiyankhulo msanga. Bungwe la UNESCO linali litanena kale mu 1953 kuti mwana amaphunzira bwino m'chiyankhulo cha makolo ake.

Zovuta zake zilipo. Sukulu zotere n'zosowa, aphunzitsi odziwa bwino ziyankhulo zonse ziwiri ndi ochepa, mabuku a chiyankhulo cha kunyumba nthawi zambiri sakwanira. M'kalasi momwe ana akuchokera m'ziyankhulo zisanu kapena kuposa, njirayi imavuta kuikonza. Ndipo kholo liyenera kupirira zaka ziwiri zoyamba likumva ana a anzake akutafuna chiyankhulo chachilendo wake akadali kudodoma.

Ine ndimasankha yachitatu mosakayika. Ngati komwe muli kuli yomiza yokha, afunseni musanalembetse: kodi thandizo la chiyankhulo limatha chaka chiti, ndipo amaona chiyani polichotsa, kuyankhula kapena kulemba? Kodi lili m'fizi kapena n'lolipira padera? Kodi mwana akasowa mawu n'kufunsa m'chiyankhulo chake amalangidwa? Akakuuzani kuti musiye chiyankhulo chanu kunyumba, kanani pomwepo. Wamkulu uja tinamusamutsa ali m'chaka chachisanu, ndipo tinayambiranso kumuwerengera madzulo m'chiyankhulo chathu. Masamu anabwerera pasanathe zaka ziwiri. Ndi agogo ake, mpaka pano amayankhula moganizira liwu lililonse.